Amene amalemba ng'oma: ntchito ya akatswiri ofufuza nyimbo ndi gule wathu wa mu Harare

Aliyense amene analera mwana mu Harare muno anawamvapo marimba pa tsiku logawa mphoto kusukulu. Ana ali ndandanda kumbuyo kwa matabwa, wamng'ono pa soprano, wadzitho pa bass akuchita kunyanyamphira kuti afikire. Mutafunsa makolo amene akhala pamipando kuti choimbirachi chinachokera kuti, ambiri angayankhe kuti n'cha makolo a Chishona, chakalekale. Si choncho ayi. Marimba a mtundu umenewu anapangidwa ku Bulawayo, pa Kwanongoma College of Music, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Amene anayambitsa sukuluyo, Robert Sibson, anali injiniya wa magetsi mumzindawo, ndipo iye ndi anzake ankafuna choimbira cha m'sukulu chimene Mshona kapena Mndebele sanganene kuti n'cha mtundu wake wokha. Anaonera timbila za Achopi a ku Mozambique, anaoneranso silimba ya Alozi, kenaka n'kuchuna matabwawo motsata mawu a piyano. Lero palibe amene amakumbukira zoti chinthuchi chinachita kukhaliridwa pansi ndi anthu ophunzira.

Ambiri timaganiza kuti munthu wophunzira za nyimbo kuyunivesite ntchito yake ndi kukhala pambali ndi kope, kuonerera anzake akutuluka thukuta, n'kukalemba buku limene woimba aliyense sadzalitsekula. Otero alipo, sindikana. Koma zimene anthu amenewa asankha kujambula, kuyeza ndi kulemba, ndi zomwezo zimene pambuyo pake zimalowa m'silabasi, zimaulutsidwa pawailesi, zimakafika ku UNESCO. Zimene sanazilabadire zimatsala panja. Kwa ife Achewa, Amang'anja ndi Ayao a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivaresekwa, amene agogo athu anabwera pa malole a Ulere kapena wapansi kudzera ku Tete, nkhaniyi ndi yathu, popeza ng'oma zathu zambiri zili m'gulu lotsala panjalo.

Ntchito yoyamba ndi yosunga, ndipo dzina limene simungalilambalale kuno kummwera kwa Africa ndi la Hugh Tracey. Anafika ku Southern Rhodesia mu 1921 kudzalima fodya ndi mkulu wake kudera la Gutu, n'kuyamba kuphunzira nyimbo za Chikaranga kwa anthu olima nawo m'munda. Pofika 1929 anali atayamba kujambulitsa oimba. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, ILAM, imene mu 1978 inasamukira ku Rhodes University ku Grahamstown, mzinda umene pano ukutchedwa Makhanda. Ankayenda ndi magalimoto onyamula makina olemera ndi jenereta, iye ataima pakati pa oimba ndi maikolofoni m'manja, kuisendeza kwa wa ng'oma, kenaka kwa wotsogolera nyimbo. Ku Nyasaland anajambulako mu 1950, 1957 ndi 1958: bangwe, nyimbo za pamtondo, ng'oma za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga ndi Atumbuka. Munthu wobadwira ku Mufakose amene akufuna kumva mmene anthu a kwa agogo ake ankaimbira nthawi imene agogowo ankanyamuka, kumene angakamve ndi kumeneko.

Musamuyese mngelo. Zina mwa ndalama za ntchitoyi zinkachokera ku makampani a migodi, omwewo amene ankadyera thukuta la agogo athu, ndipo maganizo ake oti munthu wakuda azisunga nyimbo "za mtundu wake" ankagwirizana bwino ndi zofuna za atsamunda. Wolemba mbiri wa kuno, Mhoze Chikowero, m'buku lake la mu 2015 lonena za nyimbo ndi ulamuliro wa atsamunda, sanamunyengerere pa zimenezi. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona: matepi ndi chuma, ndipo njira imene anasonkhanitsidwira ili ndi litsiro lake. N'chifukwa chake m'zaka za posachedwapa a ILAM akhala akubweza makope a nyimbozo kumadera kumene zinajambulidwa. Kudzudzula kumeneku nakonso ndi ntchito ya akatswiri, ndipo n'kumene kunathandiza kuti zitseko zitsekuke.

Ntchito yachiwiri ndi imene anthu saimvetsa kwenikweni, ndiyo kuyeza. Tracey ankayenda ndi bokosi la tizitsulo ta mphanda, kalikonse kolira liwu lakelake lodziwika. Akapeza woimba sansi kapena valimba, ankaliza chala chimodzi cha choimbiracho, n'kumayesa tizitsulo tija mpaka atapeza kofanana nako, n'kulemba nambala. Lero zimenezi zimachitika ndi kompyuta, ngakhale foni imene. Akatswiri amagawa mtunda wochokera pa liwu lina kukafika pa liwu lomwelo lapamwamba m'magawo 1,200 otchedwa cents. Pa piyano, masitepe a makiyi oyera ndi a 200 kapena 100. Pa valimba za kuchigwa cha Shire anapeza kuti masitepe asanu ndi awiri onsewo ndi otalika pafupifupi mofanana, cha m'ma 170. Ndiye kuti palibe liwu la valimba, kupatula loyambira, limene lingagwere ndendende pa kiyi ya piyano.

Zili ndi ntchito yanji? Taganizani za mphunzitsi wa kwaya amene anakulira pa kiyibodi. Amva agogo akuimba bangwe, iye n'kunena kuti zingwe zake n'zosachuna. Ana akumva. Mawa mwana uja akachita manyazi ndi agogo ake. Koma manambala aja amaonetsa kuti oimba a midzi yotalikirana, osadziwana, ankachuna moyandikana kwambiri, kusonyeza kuti khutu lawo linali ndi lamulo lake, silinkaphonya. Popanda woyeza, mkangano wotere amapambana ndi mwini kiyibodi nthawi zonse. Ndipo apa mpamene marimba a ku Kwanongoma ali ndi mlandu pang'ono, chifukwa mibadwo ya ana yakula ikuyesa kuti machunidwe a piyano ndiwo a makolo.

Ng'oma nayo ili ndi machunidwe ake, kungoti ife timawaona ngati chizolowezi chabe. Pitani ku bwalo gule asanatuluke. Anyamata asonkha kamoto ka mapesi ndi makatoni, ng'oma azigoneka mozungulira, zikopa zitaloza kumoto. Wa mbalule amaichotsa, aigogoda ndi chala, apendeketsa mutu, aibwezeranso. Ikauma mokwanira amamata phula pakati pa chikopa, kulifanyiza ndi chala chachikulu, kuchotsako pang'ono, kugogodanso, mpaka liwu litatsika pamene akufuna. Sakufuna kuti ingolira mokweza. Akufuna kuti isiyane bwino ndi mpanje ndi zinzake, kuti ikamayankhula ndi mapazi a chilombo imveke payokha. Wofufuza wabwino amajambula zimenezi zomwe, amafunsa chifukwa chake phula lachepetsedwa, amalemba dzina la wowamba. Wofufuza waulesi amafika gule atayamba kale, n'kujambula fumbi.

Anzathu a Chishona anachita mwayi pa nkhani ya mbira. Andrew Tracey, mwana wa Hugh, anaphunzitsako ku Kwanongoma, ndipo mu 1970 anatulutsa kabuku kophunzitsira mbira dzavadzimu. Iye ndi ena anaonetsa papepala zimene oimba ankazidziwa m'zala: kuti nyimbo zambiri zimazungulira pa kugunda 48, kogawidwa m'zigawo zinayi za 12, ndipo woimba wachiwiri, wa kutsinhira, amalowetsa mawu ake m'mipata imene woyamba, wa kushaura, wasiya. Zotsatira zake khutu limamva nyimbo zina zimene palibe mmodzi mwa awiriwo akuziimba. Paul Berliner wa ku America anabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, n'kuphunzira kwa gulu la Hakurotwi Mude ku Highfield, makamaka kwa Cosmas Magaya, ndipo buku lake, The Soul of Mbira, linatuluka mu 1978. Anthu awiriwa anagwira ntchito limodzi mpaka Magaya atamwalira mu 2020. M'zaka za m'ma 1970 zija n'kuti matchalitchi ambiri akunena kuti mbira ndi za ziwanda, monga mmene ena amanenerabe za gule wathu.

M'buku lomwelo muli nkhani imene mkulu aliyense wa kudambwe angaseke nayo. Berliner ankafuna mayina a zala za mbira, ndipo anapita kwa mkulu wina wodziwa, Mubayiwa Bandambira. Ulendo uliwonse mkuluyo ankamupatsa mayina osiyana ndi a ulendo wapita. Zinatenga zaka. Pamapeto pake, ataona kuti mnyamatayo sakutopa, mpamene anamuuza zoona. Akanakhala wothamanga, akanasindikiza bodza, ndipo bodzalo bwenzi likuphunzitsidwa mpaka lero.

Dumisani Maraire anadutsanso pa Kwanongoma, kumene Jege Tapera ankaphunzitsa kambira kamene anakatengera kudera la Tete, kamene pano timati nyunga nyunga. Mu 1968 Maraire anapita ku University of Washington ku Seattle kukaphunzitsa, pambuyo pake n'kudzatenga digiri ya udokotala komweko, n'kudzaphunzitsanso pa University of Zimbabwe. Magulu a marimba amene ali mbwee kumpoto chakumadzulo kwa America ndi mbewu yake. Osula mbira a mu Harare amene amatumiza katundu wawo kunja, ndi oimba amene amaitanidwa kukaphunzitsa, akudya za njira imene inalambulidwa ndi anthu a m'kalasi.

Ifenso tili ndi nkhani yotere, ndipo inadutsa mumzinda uno. Banja la a Kachamba a ku Chileka linakhalako ku Salisbury cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kuno n'kumene Daniel Kachamba anamva kwela wa tizitoliro ta chitsulo amene anali atagwira mizinda yonse ya kummwera. Atabwerera kwawo, iye ndi mng'ono wake Donald ankaimba m'misewu ya Blantyre. Mu 1967 anakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria, amene anawajambula pa tepi ndi pa filimu, n'kulemba mwatsatanetsatane mmene Daniel ankachunira gitala ndi mmene Donald ankalowetsera chitoliro m'kamwa chopendekeka kuti chilire mokhuthala. Panthawi imene kwela anali atazilala ku South Africa, ku Chileka anali wamoyo, ndipo dziko linadziwa kudzera m'zolembazo. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anafika pokaphunzitsa ku University of California ku Los Angeles asanamwalire mu 2001. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti Moya Aliya Malamusi, amene ankaimba nawo m'gululo, anadzakhala wofufuza payekha, n'kukhazikitsa malo osungira nyimbo ndi nthano ku Chileka komweko. Wojambulidwa anasanduka wojambula.

Tsopano za UNESCO, zimene timakonda kuzitchula tikamakangana ndi onyoza gule. Mu 2005 Gule Wamkulu analengezedwa kuti ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali za chikhalidwe cha anthu padziko lonse, pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka ndi Mbende Jerusarema wa ku Murewa ndi Uzumba-Maramba-Pfungwe, ndipo mu 2008 zonsezi zinalowa m'kaundula wamkulu. Tchopa analowa mu 2014. Mu 2020 Malawi ndi Zimbabwe analembetsa limodzi luso losula ndi kuimba mbira kapena sansi. Zinthu zimenezi sizigwa kumwamba. Pamafunika kuti mwambowo ukhale utalembedwa kale m'kaundula wa dziko, pakhale chikalata chofotokoza amene amauchita, mmene amaphunzitsirana, chimene chikuuopseza ndi mmene udzatetezedwere, pakhale zithunzi ndi kanema wamfupi, komanso umboni woti eni mwambo avomera. Amene amalemba zonsezi ndi anthu ofufuza, a m'mayunivesite ndi m'nyumba zosungira za makolo. Kumbuyo kwa gule kunali kale ntchito ya anthu ngati Matthew Schoffeleers, ndi Claude Boucher amene anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, kumene kuli zigoba za gule mazanamazana ndi matanthauzo ake.

Koma werengani bwino kalembedweko. Gule Wamkulu analembedwa m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe mulibe. Chonsecho gule wavinidwa m'mapulazi, m'migodi ndi m'malokeshoni a dziko lino kwa mibadwo ingapo, amatuluka pamaliro, amapikisana nawo pa Chibuku Neshamwari. Malamulo a dziko a mu 2013 amatchula Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anabwezera unzika kwa ambiri a ife amene tinkatchedwa alendo m'dziko lobadwira. Koma pa nkhani ya nyimbo tidakali pakatikati: wa ku Lilongwe amationa ngati nthambi yosochera, wa kuno amationa ngati zvigure zoopseza ana. Olemba mbiri monga Anusa Daimon ndi Zoe Groves alemba bwino za maulendo a makolo athu ndi moyo wawo kuno, Daimon mpaka za gule amene. Chimene ine ndikulira ndi kulemba kwa kaimbidwe kenikeniko: ng'oma zingati, zikulowana bwanji, amayi akuyankha motani, ndi nyimbo ziti zimene zinabadwira kuno zosakaniza Chishona, ndi zilombo ziti zimene ku Dedza kulibe.

Silabasi imene inayamba mu 2017 inalowetsa zoimba ndi zovina m'maphunziro a pulayimale, ndipo mphunzitsi amaphunzitsa zimene wapeza m'buku. Za mbende, muchongoyo ndi mbira azipeza mosavuta. Akafuna kunenapo za ife, atenga zimene anamva pa kombi.

Vuto lake n'lakuti gule si mbira. Ali ndi mbali ya pabwalo ndi mbali ya kudambwe, ndipo yachiwiriyo si ya aliyense. Mtsikana wa pa Zimbabwe College of Music atapita kwa agogo ake ndi kope n'kunena kuti, "Agogo, ndimafuna mundiuzeko za gule, ndikalembe kusukulu," yankho lake tikulidziwa: "Mdzukulu wanga, za pabwalo funsa, ndikuuza mpaka kuche. Zinazo usandifunse, ndipo usakalembe zongomva." Yankho limeneli si kukana. Za pabwalo zokhazo n'zambiri zedi: ng'oma, nyimbo za amayi, kuwomba m'manja, mwambo umene Maliya kapena Simoni akuphunzitsa, chifukwa chimene Kasiyamaliro amatulukira. Mayunivesite masiku ano amafuna kuti wofufuza apemphe chilolezo chomveka, anene kumene zojambulazo zikasungidwe, ndi amene adzaloledwe kuziona. Malo osungira zinthu amatha kutsekera zina kuti zisaonedwe ndi wina aliyense. Kunena zoona, amene akuulula za kudambwe lero si akatswiri ayi. Ndi ana athu omwe, ndi mafoni awo, pa Facebook ndi TikTok, popanda dzina la woimba, tsiku kapena malo, ndipo foni ikagwera m'madzi zonse zathera pomwepo.

Palinso za ndalama. Solomon Linda anajambula Mbube ku Johannesburg mu 1939, nyimboyo n'kukalemeretsa anthu ena kutsidya kwa nyanja, iye n'kumwalira ali wosauka. Ana ake anadzapeza kenakake mu 2006, patatha kafukufuku wa mtolankhani Rian Malan ndi mlandu wa kukhoti. Chinawathandiza n'chakuti mbale yoyambayo inalipo, ya dzina ndi chaka. Mabungwe a ZIMURA kuno ndi COSOMA ku Malawi amatolera ndalama za nyimbo zolembetsedwa, za mwini wodziwika. Nyimbo ya pamtondo kapena ya chinamwali ilibe mwini mmodzi, choncho woimba wa gitala akaitenga n'kuikonza, dzina lolembedwa limakhala lake. Sindikuti walakwa, nyimbo zimayenda choncho. Koma tsiku limene padzabuke mkangano, chimene chidzayankhule ndi tepi yakale yokhala ndi kakhadi konena kuti anaimba ndi uje, mudzi wakuti, chaka chakuti.

Nkhani ina imene timaikamba kawirikawiri pamowa ndi ya sungura. Alick Macheso, Nicholas Zakaria ndi abale a Somanje a Pengaudzoke onse ndi ana a m'mapulazi, a makolo ochokera ku Malawi, ndipo Chichewa chimamveka m'nyimbo zawo. Ndiye timati bass ya Macheso ndi ng'oma ya gule yosamutsidwira pa zingwe. Mwina n'zoona, ndipo ine mtima wanga umafuna zitakhala zoona. Koma wina adzakukumbutsani kuti sungura inamera pa mbale za kanindo ndi rumba zochokera ku Kenya, Tanzania ndi Congo, ndipo magitala akumeneko nawonso amathamanga chomwecho. Kuti mkanganowu uthe pafunika munthu wokhala pansi, achedwetse nyimbozo pa kompyuta, alembe kugunda kulikonse kwa bass pa mzere wake, alembenso mbalule ndi mpanje za magulu a gule a ku Shamva, Mazowe ndi mu Harare muno, aike pambali mbale za ku East Africa za m'ma 1970, aone pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana. Akatero apite kwa oimba eni ake amene adakali moyo akawafunse zimene ankamva ali ana pa komboni, ndi amene anawagwiritsa gitala koyamba. Munthu woteroyo ayenera kumva Chichewa ndi Chishona, adziwe kuwerenga nyimbo, ndipo akafika pa bwalo akulu amudziwe kuti ndi mwana wa ndani. Ku Vienna kapena ku Seattle woteroyo ndi wosowa, koma ku Mabvuku ndi ku Mufakose aliko ambiri, ena a iwo akumaliza Form 6 chaka chino.